Maikulosikopu Imodzi Imene Ndinaiwerenga Katatu

Ana anga, mwakhala mukundinena zaka zonsezi kuti ndine munthu wovuta, chifukwa amayi anu akangoti akabwereke mbale kapena makapu kwa aneba alendo akamabwera, ine ndimayaka moto. Iwe Tadala sunaiwale kuti tsiku la chinkhoswe chako ndinabweza makapu a galasi obwereka alendo ali kale pakhonde, ndipo amayi ako anatha masiku atatu osandilankhula. Ndalemba izi kuti mudziwe kumene ukali umenewo unachokera. Za ubwana wanga ndazidumpha, munazimva mpaka kutopa nazo. Ndiyambira pa ntchito.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970: ntchito yanga yoyamba

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza kwathu konkuno ku Mulanje, pa sukulu ina ya sekondale ya m'tsinde mwa phiri, yozunguliridwa ndi minda ya tiyi mbali zonse. Dzina lake sindilitchula, chifukwa alipo anthu amoyo amene nkhaniyi ingawapweteke. Bambo anga, agogo anu aja, amene anathyola tiyi pa esiteti mpaka zala zinachita kupindika, anandiperekeza pa basi atavala jekete lawo la ku tchalitchi, ndipo aliyense wokwera basiyo ankamuuza kuti mwana wawoyu ndi wa sayansi. Ahedi anali a Supedi, munthu wamfupi, waukhondo woopsa, nsapato zowala ngakhale m'matope a dzinja, baji ya chipani pachifuwa tsiku lililonse. Sanali munthu woipa mtima. Ndanena zimenezi poyamba pomwe chifukwa mukamawerenga kutsogoloku mudzafuna kuwatukwana monga ndinkawatukwanira ine mumtima.

Anandipatsa kiyi wa labotale monyadira ngati akundipatsa kiyi wa galimoto. Nditatsegula ndinapeza mabenchi aatali abwinobwino, mipopi ya madzi imene sinatulutsepo ngakhale dontho, ndi timipopi ta gasi m'mene mavu anamangamo zisa. M'kabati munali mabotolo ochepa a mankhwala, mayina ake mphemvu zitadya, moti sukanadziwa kuti uwu ndi mchere kapena ndi poizoni. Chamtengo wapatali chinali chimodzi chokha: maikulosikopu, chida chija chokuza tinthu tosaoneka ndi maso. Nayo inali yotopa. Kachitsulo kokwezera ndi kutsitsira kanatha mano, ukangokasiya diso lake linkatsetsereka n'kukagunda pansi. Ndinadula mphira yofiira ku chubu chakale cha njinga yanga n'kuimanga pakhosi kuti izigwira. Ana ataona mpango wapakhosiwo anaipatsa dzina loti Nkhalamba, ndipo dzinalo linakhala lomwelo.

Silabasi imene tinkaphunzitsa inkati mwana aliyense achite yekha ndi manja ake, ayeze, atenthe, asakanize, aone ndi maso ake, kenako alembe zimene waona. Amene anailemba kaya ankaganizira sukulu za dziko liti. Ine ndinkajambula botolo pa bolodi, n'kujambula moto pansi pake, n'kuuza ana kuti madziwa tsopano akuwira, lembani. Ana n'kulemba kuti madzi awira. Imeneyo ndiyo inali sayansi ya mwana wa a Mukhova uja ankamutchula m'basi. Tsiku lokha limene ndinkadzimva kuti ndine mphunzitsi linali tsiku la Nkhalamba, kamodzi pa teremu. Ndinkasenda kakhungu kopyapyala ka anyezi, ana n'kufola mzere mpaka panja, aliyense asuzumire ine ndikuwerenga mpaka khumi, achoke, abwere wina. Ambiri anali ana a m'malaini a pa esiteti ngati ineyo, ndipo pa mayeso a Folomu 4 ankapikisana ndi ana a m'sukulu zimene mwana aliyense anali ndi chida chake.

Teremu iliyonse ndinkalemba mndandanda wa zida zimene tikusowa n'kukapereka ku ofesi. A Supedi ankauwerenga bwinobwino, n'kuupinda, n'kuuika m'dilowa. Tsiku lina ndinalephera kupirira ndipo ndinawafunsa ngati dilowayo ili ndi msewu wopita ku likulu. Anatseka chitseko kaye asanandiyankhe.

"A Mukhova, mawu oti ‘tilibe’ muziwasamala," anatero. "Inu mukati tilibe, wina amva kuti mukunena kuti boma silikutipatsa. Mpando uja uli pakona mu sitafurumu mukuuona?"

Mpandowo ndinkaudziwa. Unali wa mphunzitsi wina wa mbiri amene chaka chimodzi ine ndisanafike anadandaula poyera za kusowa kwa mabuku, ndipo patangotha sabata anthu awiri anabwera kudzamutenga ali m'kalasi. Palibe ankakhalapo pa mpandowo, ngakhale tsiku la msonkhano mipando ikaperewera.

Koyambirira kwa zaka za m'ma 1980, teremu yachiwiri: kafukufuku

Kunabwera kalata yoti akuluakulu akuchita kafukufuku wofuna kuona ngati silabasi ikugwirizana ndi mmene zinthu zilili m'sukulu za sekondale, ndipo m'boma lililonse akufuna mphunzitsi mmodzi wa sayansi woti ayende ndi wofufuzayo. A Supedi anapereka dzina langa, ndikuganiza kuti ankati mwina ndikayenda pa galimoto ya boma mtima ukhala pansi. Ndinapita ku Blantyre masabata awiri kukaphunzira kalembedwe ka mapepala a mafunso, ndipo kumeneko anatiuza poyera kuti anthu ena akufuna kwabwino akunja alonjeza zida za m'labotale, ndipo zidzapita ku sukulu zimene kafukufukuyu apeze kuti n'zosowa kwambiri. Ndinamva ngati andiuza kuti ndapambana mpikisano. Pa nkhani ya kusowa, ndani akanatiposa ife?

Nthawi imeneyo amayi anu anali ndi pakati pa iwe Madalitso, patatsala miyezi iwiri. Nditafika kunyumba ndinawauza nsapato ndisanavule.

"Nthawi yathu yakwana, mayi. Ndikangolemba zimene ndikuona, chaka chamawa labotale ija yadzaza."

"Inu muzikalemba zimene akuuzani kuti mulembe," anandiyankha osatukula mutu pa nandolo ankasola. "Ine sindikufuna mwanayu adzawadziwe bambo ake pa chithunzi."

Wofufuzayo anali a Kalitera, bambo wamtali wa ku likulu, wovala mandala, wosalankhulalankhula. Ntchito tinagawana chonchi: iwo azicheza ndi ahedi, kupatsa aphunzitsi pepala lawo la mafunso ndi kuwaonerera m'kalasi, ine ndizilowa m'labotale, ndiwerenge chida chilichonse, ndilembe, ndisayine. Ife tinapatsidwa sukulu zitatu: yathu Lolemba, ina ya kuseri kwa phiri Lachitatu, ina ya kufupi ndi Muloza Lachisanu. Yachinayi ya m'boma lino inapatsidwa kwa gulu lina. Mwaulemu wake, ofesi inatumiziratu makalata kwa ahedi onse owauza tsiku limene tidzafike pa sukulu iliyonse. Ine ndi nzeru zanga za sayansi sindinaonepo vuto pamenepo.

Lolemba ndinatsegula labotale yanga yomwe ndipo ndinabwerera m'mbuyo kukayang'ana ngati ndalowa khomo loyenera. Mabenchi anali mbuu ndi magalasi, sikelo yonyezimira pakati, mabuku atsopano atandandalika m'mashelefu. Pazenera panali maikulosikopu zinayi, zitatu zachilendo, yachinayi Nkhalamba ndi mpango wake wofiira. Zisa za mavu anazichotsa. A Kalitera atalowa m'kalasi ndinakokera a Supedi kuseri, pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Bwana, izi zachokera kuti?"

"Zitatuzo n'zakale za ku chipatala, zinali m'sitolo mwawo. Magalasi ndi sikelo ndi za ku fakitale ya tiyi. Tibweza zonse, musadandaule."

"Ine sindikudandaula za kubweza. Anthuwa abwera kudzaona zimene tilibe kuti atipatse."

Anandiyang'ana ngati mwana wosaleredwa. "Kodi kwanu kukabwera alendo olemekezeka, amayi anu ankawapatsira m'mbale yobooka? Sankathamangira kwa aneba?"

"Awa si alendo a chinkhoswe, bwana. Abwera kudzaona mbale yobookayo."

"Mukadali mwana, a Mukhova," anatero, n'kupukuta nsapato yawo ndi tsamba, n'kumapita.

Ndinabwerera m'labotale. Ndinalemba zinayi, koma ndi pensulo. Kumunsi kwa pepalalo kunali bokosi la ndemanga, ndipo ndinadziuza kuti m'menemo ndi mmene ndidzanenemo zoona.

Lachitatu tinazungulira phiri pa msewu wa fumbi mpaka sukulu yachiwiri. Mphunzitsi wa sayansi wa kumeneko, munthu amene tinaphunzira naye limodzi, ananditsegulira chitseko akuyang'ana pansi. Magalasi mbuu, sikelo yonyezimira pakati, maikulosikopu zinayi pazenera. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka ya kumapeto. Mphira yofiira, mfundo yomwe ija ndinamanga ndi manja angawa. Nkhalamba inali itatitsogolera. Ndinaseka, koma si kuseka kwabwino ayi, ndipo mnzangayo anangoti, "Achimwene, werengani tizipita, musandifunse kanthu."

Lachisanu kunadzuka chiperoni, kamvula kowaza kaja kozizira mpaka m'mafupa. Sukulu ya kufupi ndi Muloza inalibe n'komwe labotale. Anatenga kalasi wamba, n'kuyala nsalu zoyera pa matebulo, n'kuikapo katundu yemwe uja. Pansi pa tebulo panali makatoni a udzu wouma m'mene ananyamuliramo, ndipo pabwalo panali matayala a thirakitala ya pa esiteti atadinda m'matope. Mphunzitsi wa sayansi anali Mayi Likoswe, mayi wochepa thupi wa maso akuthwa. A Kalitera ndi ahedi a pamenepo atapita kunyumba kukadya nkhuku, mayiyo anayandikira n'kundilankhula m'Chilomwe, chinenero chimene pa sukulu sitinkachilankhula, kuti amene angadutse pakhonde asamve zonse. Anandiuza kuti katunduyo wafika dzulo lake, achoka mawa, ndipo ahedi alamula kuti mwana aliyense asamukhudze. Anandilozera kumazenera. Ana a Folomu 4 anali atadzadza kunjako, mvula ikuwanyowetsa, mphuno zili pa galasi.

"Zaka zinayi ndikuwajambulira pa bolodi," anatero. "Mayeso atsala miyezi itatu. Maikulosikopu sanaionepo chiyambire."

"Muli ndi anyezi kunyumba?" ndinawafunsa.

Anathamanga okha pamvulapo n'kubwera naye m'manja. Zitatu za ku chipatala zija magalasi ake anali a nkhungu, sizinkaonetsa kanthu, zinangobwera kudzakongoletsa. Inagwira ntchito ndi Nkhalamba yokha. Tinawafoletsa anawo, ine ndikuwerenga mpaka khumi monga mwa masiku onse. Pakati pa mzere panali mtsikana wina wamtali, dzina lake Enelesi, amene Mayi Likoswe anandinong'oneza kuti ndiye nambala wani ndipo akufuna unamwino. Anasuzumira, ine ndinafika pa khumi, iye osachoka. Ndinafika pa makumi awiri. Kenako anadzutsa mutu n'kuyang'ana aphunzitsi ake.

"Madamu, kani zimene mumajambula zija n'zoona?"

Mayi Likoswe anatembenukira kukhoma. Mwana wa nzeru chonchi, zaka zinayi akuloweza zinthu zimene mumtima mwake ankaganiza kuti aphunzitsi angopeka. Mzere usanathe ahedi anatulukira, mafuta a nkhuku ali pamilomo, n'kuwabalalitsa anawo ndi dzanja, akufunsa motsitsa mawu kuti chikasweka ayankhe ndani. Anatsala ana pafupifupi theka osaona. Tikukwera galimoto mayi uja anandigwira mkono wa jekete.

"Achimwene, inu ndinu wa konkuno. Mukalembe zoona."

"Musadandaule, achemwali," ndinatero. Ndinanenadi choncho, ndipo ndinkakhulupirira.

Loweruka ndi Lamlungu la sabata lomwelo

Loweruka masana tinakhala pakhonde la resitihausi pa Boma kusonkhanitsa mapepala. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuwauza a Kalitera zonse, mawu akuthamangitsana. Anandimvetsera akupukuta mandala awo.

"Mukuganiza kuti ine ndilibe maso, a Mukhova? Mphira yofiira ija ndinaiona Lolemba, ndinaiona Lachitatu, ndaionanso dzulo. Ndipo kuno si koyamba kuona zoterezi."

"Nanga bwanji simukulemba?"

"Wowerenga zida ndinu, wosayina ndinu. Mukalemba, ine ndikapereka momwemo, sindichotsapo ngakhale chilembo chimodzi, ndikukulonjezani. Koma mudziwiretu mafunso amene akafunse. Loyamba, ahedi atatu anamiza boma, achite nawo chiyani. Lachiwiri, mphunzitsi ameneyu akuti sukulu za boma zilibe kanthu, wamutuma ndani. Mapepala ndikuwafuna Lolemba m'mawa, olembedwa ndi inki."

Ndinakwiya nawo kwambiri bambo ameneyu, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira mtima umawawa. Munthu wamkulu, wa madigiri, wodziwa zonse, n'kutula katundu yense pamutu pa mphunzitsi wamng'ono iye n'kusamba m'manja. Komabe ndikafatsa ndimaona kuti iye sananame. Anandisiyira khomo lotsegula, kulowa kapena kusalowa zinali kwa ine.

Lamlungu m'mawa sindinapite ku tchalitchi. Ndinakhala patebulo n'kulemba ndi pensulo m'bokosi la ndemanga la pepala lililonse. Mawuwo ndikuwakumbukirabe: zida zawerengedwa pa sukulu zitatuzi n'zimodzimodzi, zobwereka, zoyendetsedwa patsogolo pathu, sukulu yoyamba ili ndi maikulosikopu imodzi yomangidwa ndi mphira, ziwiri zinazo zilibe ngakhale imodzi. Nditamaliza ndinamva kupepuka m'thupi, ndinafika poimba mluzu.

Anthu atatuluka ku tchalitchi, a Supedi anafika kunyumba kwathu, chinthu chimene anali asanachitepo. Ananyamula chinanazi chachikulu. Anakhala pa mpando wathu wogwedera uja osaupukuta n'komwe. Amayi anu anawapatsa tiyi n'kukaima pakhomo la kuchipinda, dzanja lili pamsana chifukwa cha kulemera kwa mimba.

"Ndamva kuti muli ndi maganizo," anayamba choncho a Supedi. Kaya anamva kwa ndani, masiku amenewo sunkafunsa. "Ndikuuzeni mmene zinayendera. Makalata aja atafika tinaitanidwa ku Boma ahedi tonse. A tcheyamani a chipani anali pomwepo. Anati alendo a ku likulu akubwera, lipoti lawo likawerengedwa ndi azungu, Mulanje isachititse manyazi. Za thirakitala anakonza ndi iwowo. Inuyo mukanakhala pa mpando wanga mukanati ayi?"

"Mukanawauza kuti tikabisa kusowa kwathu sitilandira kanthu."

"Mukanawauza inuyo?" Anandiyang'ana m'maso, ine ndinayang'ana kumbali. "Mwana wanga, ndatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume. Ndili ndi ana asanu ndi awiri. Mukalemba zimenezo, a tcheyamani sadzawakhudza munthu. Adzatenga ine, adzatenga anzanga awiri aja, ndipo inu mudzatsogola. Mayi uja wa ku Muloza adzamufunsa kuti ankakunong'onezani chiyani m'Chilomwe, chifukwa ahedi ake anamuona. Zida zidzabwera ndithu, koma wophunzitsira adzakhala wina."

Atapita, amayi anu sananene kuti ndinakuuzani. Anangotola makapu, kenako n'kudzaima pambali panga kuyang'ana mapepala aja, ngakhale Chingerezi chake sankachimva chonse. Iwe Madalitso unagunda m'mimba nthawi yomweyo, ndinaona nsalu ikugwedezeka. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinalimbana nazo masiku ambiri, koma ayi. Tiyi wanga asanazizire ndinatenga chofufutira. Ndinafufuta pepala loyamba, lachiwiri, lachitatu, mpaka lachitatulo linatsala pang'ono kubooka. Ndinapemerera zinyenyeswa zake pansi, amayi anu n'kusesa. Kenako ndinatenga inki n'kulemba zinayi, zinayi, zinayi, ndi kusayina dzina la bambo anga katatu. Lolemba a Kalitera anayang'ana mabokosi opanda kanthu aja, anaona ndithu pamene panadutsa chofufutira, n'kungoti zikomo.

Patapita chaka ndi miyezi ingapo

Choyamba mudziwe kuti Nkhalamba sinabwere yamoyo. Pobwerera kuchokera ku Muloza katoni yake inagwa pa thirakitala, kagalasi kowalitsira kanasweka ndipo diso lake linang'aluka pakati. Za ku chipatala zija, zosagwira ntchito zija, zinafika bwinobwino. Motero sukulu imene pa pepala inali ndi zinayi, imene kale inali ndi imodzi, tsopano inalibe ngakhale imodzi. Tsiku la anyezi linatha. Ndinamasula mphira ija n'kuika m'thumba, chitsulo chotsalacho a Supedi anati chikhalebe pazenera chizioneka.

Tsiku lina chakum'mawa ndili m'kalasi, lole yaikulu inalowa pageti itadzaza mabokosi a matabwa, ena atajambulidwa chizindikiro cha galasi kuti asagwetsedwe. Mbiri ya zida ija ana onse ankaidziwa. Sanadikire belu. Anatuluka m'makalasi onse akukuwa, anyamata akuluakulu n'kukwera pamwamba kuyamba kumasula zingwe, atsikana akululuta. Ineyo ndinatsala pakhomo la kalasi choko chili m'manja, chifukwa ndinkadziwa zimene ndinalemba. A Supedi anatuluka akukonza tayi, akumwetulira. Dalaivala anatsika ndi pepala.

"Pepani bwana, ndasochera. Ndikufuna sukulu iyi," anatero akuloza dzina.

Inali sukulu yachinayi ija, imene inayenderedwa ndi gulu lina. Ahedi ake kalata ya kafukufuku inawapeza ali kumaliro kwawo, ku msonkhano wa ku Boma sanapiteko, sanabwereke kalikonse, ndipo ofufuza anapeza chipinda chopanda kanthu. Nthawi imeneyo anadzudzulidwa koopsa kuti achititsa manyazi boma lonse la Mulanje, anatsala pang'ono kuchotsedwa. Lero lole yonse inali yawo.

"Ife tili pa ulendo wachiwiri kapena?" anafunsa a Supedi.

Dalaivala anayang'ana pepala lake kutsogolo ndi kumbuyo. "Ayi bwana, ulendo ndi womwewu. Enanu akuti muli nazo kale."

A Supedi anatembenuka n'kulowa mu ofesi, n'kutseka chitseko. Ntchito yotsitsa ana pa lole inatsalira ine. Ndinawauza kuti atsike, amangenso zingwe mmene anazipezera. Mmodzi anandifunsa ali pamwamba pomwepo kuti, "Sala, ife tili nazo kale ziti?" Njira yopita ku sukulu inayo ndinamulongosolera dalaivala ndine, ndinachita kumujambulira pansi ndi kamtengo kuti asasocherenso.

A Supedi anapuma pa ntchito mwaulemu wonse, tinawagulira mbuzi, ndipo wolankhula m'malo mwa aphunzitsi ndinali ine. Ndinawatamanda kuti anali munthu wosunga ulemu wa sukulu. Ine ndinaphunzitsa pamenepo zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndikujambula moto pa bolodi, kenako anandisamutsira kwina n'kundikweza kukhala wachiwiri kwa ahedi, akuti ndine munthu wodekha. Ndimakwiya ndi a tcheyamani aja, ndimakwiya ndi ofesi imene inatumiziratu masiku, ndimakwiya ndi amene analemba silabasi asanaponde m'kalasi ya ku Muloza, ndimakwiya ndi ulamuliro umene unachititsa anthu akuluakulu kuopa liwu loti tilibe kuposa mmene ankaopera kuwononga ana. Koma onsewo sanagwire chofufutira. Anagwira ndine.

Nditapuma kale pa ntchito

Tsiku lina la msika pa Chinakanaka amayi anu anandituma tomato ndi anyezi. Nditagula ndikutuluka, ndinamva munthu akundiitana dzina. Anali Mayi Likoswe, imvi mbuu, ndodo m'manja, koma maso akuthwa omwe aja. Nawonso anali atapuma, akukhala chapafupi pomwepo. Chichokereni Lachisanu lija la chiperoni ndinkawazemba, ngakhale ku misonkhano ya aphunzitsi ndinkakhala kumbuyo kwawo kuti tisaonane. Tinapatsana moni, tinafunsana za ana ndi za matenda, kenako anangofunsa mosazungulira.

"Achimwene, paja munalemba zingati?"

"Zinayi," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndinadziwa lole itapanda kubwera. Musaganize kuti ndikukuweruzani. Pepala la mphunzitsi lija anatipatsa a Kalitera, inenso ndinalemba kuti zida zilipo zokwanira. Ahedi anali ataima kumbuyo kwanga. Ndinkati poti inu muli ndi galimoto ya boma, mudzalimba mtima ndinu."

"Inenso ndinkati adzalimba mtima a Kalitera."

Tinaima choncho pakati pa njira, anthu a njinga akutiimbira belu. Kenako ndinafunsa funso limene ndikanachita bwino kulisiya. Ndinafunsa za Enelesi, mtsikana wamtali uja wa unamwino. Anandiuza kuti sayansi sanakhoze bwino, anabwereza chaka chotsatira poyembekeza kuti zida zikubwera monga ana onse ankamvera, osakhozanso, ndipo bambo ake anati basi zakwana. Sindinganene kuti maikulosikopu ikanamupanga namwino, kaya, ana ambiri amalephera ali nazo. Koma chaka chimene anabwerezacho ndi chaka chimene lole ija inasochera pageti pathu.

"Ali kuti masiku ano?"

Mayi Likoswe anayang'ana jumbo inali m'manja mwanga, n'kuloza ndi ndodo kumzere wa ogulitsa masamba, kwa mayi wamtali amene anali atangondiikira anyezi mmodzi wa basera.

"Mwagula kwa iyeyo."

Sindinabwerere kukadzidziwitsa. Ndikanamuuza chiyani? Anyezi aja ndinafika nawo kunyumba, amayi anu anathira m'ndiwo, amene munalipo tsikulo munadya. Ine ndinati m'mimba simuli bwino.

Iwe Madalitso usadzaganize kuti ndikukuimba mlandu chifukwa unagunda m'mimba tsiku lija. Unakula bambo ako alipo, ndipo zimenezo sindinong'oneza nazo bondo ngakhale pang'ono. Koma unakula choncho pamutu pa ana a anthu ena, ndipo ndafuna kuti udziwe. Mphira yofiira ija ili m'sutikesi yanga yachitsulo, pansi pa masatifiketi, musadzaitaye poganiza kuti ndi chinyalala. Ndipo tsiku la maliro anga wina asadzapite kwa aneba kukabwereka mipando. Obwera adzakhale pa imene tili nayo, ikatha ena adzakhale pansi.